Mwana Woiwala Kupuma

Pa esiteti ina ya fodya kuseri kwa Nsaru, munthu akagula mankhwala alionse, kaya a nsabwe za m'masamba kaya a njoka za m'mimba, ankayamba wadzera kwa Gladson Namakhwa kuti amuwerengere zolembedwa pa botolo. Gladson anali tenanti ngati anzake onse, wochokera ku Phalombe, wogona m'kanyumba kaudzu kodontha. Koma iye anafika Fomu 2, ndipo Fomu 2 pakati pa matenanti ndi ufumu. Ndiye ankasenza sipuleya ya pa esitetipo, ndipo ankayenda nayo modzimva ngati wabereka mwana wa bwana.

Tisamunamizire, ntchito ankaidziwa. Alangizi atabwera kudzaphunzitsa za kapoperedwe ka mankhwala, anzake ankasinza pansi pa chigafa, iye akulemba m'kope. Anatolapo lamulo limodzi n'kulisunga pamtima: chimene sichinalembedwe pa botolo usachite. Chaka chotsatira tenanti wina anathira mankhwala a fodya wamkulu pa mbande za kunazale, ati poti yense ndi fodya. Kutacha, mabedi atatu anali atapsa, mbande zili lambalamba ngati azithira madzi owira, ndipo munthuyo anathamangitsidwa pa esiteti ndi ana ake omwe. Kuyambira pamenepo palibe ankalimbana ndi Gladson pa nkhani ya mankhwala. Iyenso anazolowera kusatsutsidwa, ndipo chizolowezi chimenecho n'choipa kuposa kachasu.

Koma kudziwa kuwerenga mabotolo sikubereketsa. Gladson ndi mkazi wake Ezeliya anali atakhala m'banja zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo Ezeliya anapita padera katatu konse. Amuna anzake, ena osatha n'kulemba dzina lomwe, ankaitanidwa kuti bambo a uje, bambo a uje, iye n'kumangokhala Gladson ngati mnyamata wa pasukulu. Zinkamupweteka, ngakhale sankanena. Ezeliya ndiye ankakalirira kudambo potunga madzi, n'kusukusula kumaso asanabwerere kunyumba.

Mimba yachinayi inalimba mpaka miyezi isanu ndi iwiri. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nthawi yothirira nazale m'mawa ndi madzulo. Ezeliya anamva msana kudula ali ndi keni yothirira m'manja. Anamukweza pa ngolo n'kuthamangira naye ku chipatala cha mishoni, ulendo wa maola awiri, ndipo dzuwa lisanapendeke anachira. Mwana wamwamuna, wamoyo. Sikelo inati kilo imodzi ndi magalamu mazana atatu, kungoposa pang'ono paketi ya shuga.

Amuna sankaloledwa kulowa m'chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane, ndipo ngakhale akanaloledwa, mwambo sukanalola bambo kukhudza khanda lisanatuluke m'chikuta. Choncho malo a Gladson anali pa windo. Mwanayo anali atamangiriridwa pachifuwa pa mayi ake ndi chitenje kuti azifundidwa, atavala kachipewa kaubweya, m'mphuno muli kapaipi kopyapyala kodzera mkaka. Chimene Gladson ankaona chinali chipewa ndi kadzanja basi. Koma kadzanja ako kanali ndi zala zisanu ndi zikhadabo zake zomwe, ndipo tsiku limenelo bambo wamkuluyo anapalasa njinga kubwerera ku esiteti akuimba nyimbo za kwaya mokweza, mpaka agalu a m'midzi kumuuwa.

Mwini chipindacho anali namwino Sofia, mayi wojintcha, wa pakamwa pakuthwa, amene ankayang'anira makanda khumi ndi limodzi ali yekha. Ndiye anakhazika Ezeliya pansi n'kumulongosolera.

"Mayi, ana ofulumira kubwerawa ali ndi khalidwe limodzi loipa. Amaiwala kupuma. Sikuti amamva kuwawa ayi, amangoiwala, ngati mmene inu mumaiwalira mchere m'ndiwo. Mukaona kachifuwa kaima, mumugirigishe kuphazi, mumusisite kumsana, akumbukira. Ife tizimupatsa timadontho ta mankhwala m'kapaipimu, m'mawa ndi madzulo, tomuthandiza kukumbukira. Mwamva eti?"

Ezeliya anamva. Masiku anayi anadutsa, ndipo pa masiku onsewo mwana anaiwala kupuma kawiri kokha.

Tsiku lachisanu Gladson anabwera ndi thobwa m'chigubu. Akupatsira mkazi wake pa windo, anaona kabokosi ka pepala pambali pa bedi.

"Kabokosiko n'ka chiyani?"

"Andipatsa anamwino kuti ndizisungiramo sopo," anatero Ezeliya. "Ndi momwe munali mankhwala a mwanayu."

Gladson anali munthu wosatha kuona zolembedwa n'kuzisiya. Ngakhale nyuzipepala yokulungira usipa ankaiwerenga kaye. Anapempha kabokosiko, ndipo pansi pa sopo anapeza chipepala chopindapinda, chopyapyala ngati tsamba la m'Baibulo, chodzaza timalemba tachingerezi mbali zonse ziwiri. Anakakhala nacho pansi pa mtengo wa mango pabwalo la chipatala, n'kumachitsata ndi chala mzere ndi mzere. Mawu ambiri anamugonjetsa, koma zinthu zitatu anazigwira bwinobwino. Mankhwalawo anali a mphumu. Miyezo yolembedwayo inali ya anthu akuluakulu ndi ana okulirapo. Ndipo panali mzere wina wosachita kufunsa, wakuti asaperekedwe kwa ana osakwana miyezi isanu ndi umodzi. M'munsi mwake anandandalika zoopsa zake: kusanza, mtima kuthamanga, kukomoka, ngakhale imfa.

Anabwerera pa windo.

"Ezeliya, kodi mwana akusanza?"

"Dzulo anabweza mkaka pang'ono."

"Nanga mtima?"

"Ukugunda mofulumira, ndimaumva pachifuwa panga pano. Anamwino auona, ati achepetsako mankhwalawo."

Gladson sanamvenso zinazo. M'maso mwake munali mabedi atatu aja, mbande zitapsa. Mantha amene anamugwira anali enieni, mantha a munthu amene wadikira zaka zisanu ndi ziwiri. Pamenepo tisamuweruze.

Woona odwala pachipatalapo anali Hilario, mwamuna wochepa thupi wa imvi zam'mbali, amene aliyense ankamutcha dokotala. Gladson anamupeza pakhonde, atazunguliridwa ndi mzere wa anthu, akulemba m'kabuku ka wodwala wina. Sanadikire n'komwe kuti amalize.

"Adokotala, mwana wa Ezeliya Namakhwa ali ndi mphumu?"

Hilario anadzutsa mutu. Anaona chipepala chili m'manjamo ndipo anazindikira kumene nkhani ikupita. "Ayi bambo, alibe mphumu."

"Wakwana miyezi isanu ndi umodzi?"

"Ali ndi masiku asanu. Tiyeni tilowe m'kati tikambirane."

"Tikambirane pompano. Kapena pali chobisa?"

Anthu a pamzere, amene anali atatopa kale ndi kudikira, anatchera makutu. Hilario anatseka kabuku kaja n'kuyankhula mofatsa.

"Mwawerenga bwino, bambo. Mankhwalawa anapangira anthu a mphumu. Koma madokotala anaona kalekale kuti tikawasungunula n'kupereka pang'ono zedi, molingana ndi kulemera kwa mwana, amathandiza makanda kuti asamaiwale kupuma. Si kuno kokha, m'zipatala zambiri amatero."

"Nanga bwanji eni akewo sanalembe?"

"Chifukwa iwowo sanayesepo pa ana aang'ono chonchi, ndipo chimene sanayese salemba. Ndikuuzeni zoona, mankhwala ambiri amene timapereka m'chipinda chija ndi otero. Tikati tizidikira mankhwala olembedwa kuti awa ndi a khanda la kilo imodzi, bola tingotseka chipindacho."

"Ndiye kuti mukuyesera pa mwana wanga."

"Sitikuyesera. Tikuchita zimene taona zikuthandiza."

"Mungalumbire kuti sangamuphe?"

Apa munthu wochenjera akananama. Kabodza kakang'ono, kakuti ndikulumbira bambo, pitani mukagone, kakanathetsa nkhani yonse. Koma Hilario anali wa mtundu uja wa anthu amene bodza limawatsamwa.

"Sindingalumbire," anatero. "Palibe mankhwala amene ndingawalumbirire. Chimene ndikudziwa n'chakuti kusamupatsa n'koopsa kuposa kumupatsa."

Gladson anamva mawu oyamba okhawo. Anthu a pamzere nawonso anamva omwewo. "Mwamva?" anatero mayi wina kumbuyo. "Akuti sangalumbire." Manong'onong'o anayenda mzere wonse, ndipo Gladson, amene anabwera ndi mantha, anayamba kumva kanthu kena kakukoma m'chifuwa. Mawu ake anakwera.

"Ife a m'mafodya mumationa ngati mbuli eti? Ine ndimagwira mankhwala tsiku ndi tsiku, oopsa kuposa anuwa. Ndinaona ndi maso angawa chimene chimachitika ukathira za mbewu yaikulu pa mbande. Mwana wanga si munda woyeserera. Kuyambira lero musamupatsenso!"

Hilario anamuchonderera katatu. Anati achepetsanso muyezo, anati azimuyeza mtima pafupipafupi, anati bwerani mudzaone ana ena amene anakula ndi madontho omwewa. Gladson anangopukusa mutu. Pomaliza Hilario anati mwana ndi wa anthu awiri, mayi nawo afunsidwe. Anapita onse pa khomo la chipinda chija, ndipo Ezeliya anabwera pang'onopang'ono, dzanja lili pa kamutu ka mwana.

"Mayi," anatero Hilario, "amuna anu akuti tisiye mankhwala. Ine ndikuti tisasiye. Mwanayu ndi wanunso. Mukuti bwanji?"

Ezeliya analekeza sukulu Sitandade 2. Zaka zonsezi anaona anthu akubwera pakhomo pake ndi mabotolo, mwamuna wake akuwawerengera, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anabwerako kudzadandaula. Anayang'ana dokotala, anayang'ana mwamuna wake, kenaka anayang'ana pansi.

"Zimene anena bambowa," anatero.

Anabweretsa chikalata, ndipo Gladson anasaina dzina lake lonse, mopinda bwino, kuti aone kuti si wodinda chala. Sofia anaima pambali manja ali m'chiuno, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo.

"Chabwino, adokotala a fodya alamula," anatero. "Ndiye mayi, kuyambira lero mankhwala ndi maso anuwo. Ine ndili ndi makanda khumi ndi limodzi, maso awiri. Makina olira mwana akasiya kupuma tilibe. Musagone."

Amayi ena m'chipindamo anali ndi owadikirira, amayi awo kapena apongozi, osinthana nawo. Ezeliya analibe. Amayi ake anali ku Phalombe, ndipo uthenga umene anawatumizira unali usanayankhidwe. Akazi a pa esiteti akanabwera, koma nyengo ya nazale tenanti sagona kutali ndi munda ngakhale tsiku limodzi. Anatsala yekha ndi maso ake.

Tsiku loyamba chisiyire mankhwala zinaoneka ngati Gladson wapambana. Mwana sanasanze, mtima unakhazikika, ndipo anagona mwakachetechete. Gladson anafotokozera esiteti yonse, akusintha mawu potsanzira dokotala, anthu n'kumagwedeza mitu kuti sukulu ndi yabwino. Ngakhale kapitawo wa pa esitetipo anamugwira chanza.

Tsiku lachiwiri Gladson anafika pachipatala dzuwa litapendeka. Ezeliya sanamwetulire. Maso ake anali ofiira, milomo itauma, ndipo poyankhula naye sankamuyang'ana, maso anali pa kachifuwa ka mwana basi.

"Kuyambira dzulo waiwala kasanu ndi kanayi," anatero.

"Ndi kuzolowera kumeneko. Thupi likuchotsa poizoni uja."

Asanamalize n'komwe, Ezeliya anamasula chitenje mwachangu. Aka kanali koyamba Gladson kuona mwana wake yense, nthiti zowerengeka, khungu lopyapyala. Kachifuwa kanali du, osagwedezeka. Milomo inayamba kuda. Ezeliya anagirigisha kuphazi, palibe. Anasisita kumsana, palibe. "Dzuka bambo, dzuka, dzuka," ankanong'ona, chala chikupekesa kaphazi kosaposa chala chake chachikulu. Gladson anagwira zitsulo za pa windo. Anapeza kuti nayenso wasiya kupuma. Kenaka mwana anadzidzimuka, anakoka mpweya ndi kaphokoso ngati ka mphaka, ndipo mtundu unabwerera pang'onopang'ono.

"Kakhumi," anatero Ezeliya, akumanganso chitenje.

Gladson anabwerera ku esiteti osaimba. Pa njira yonse ankalimbana ndi mutu wake. Chipepala chinati asapatsidwe, zoona. Koma masiku anayi a mankhwala, kawiri. Masiku awiri opanda mankhwala, kakhumi. Imeneyo ndi samu ya Sitandade 1, sifuna Fomu 2. Pofika pa mlatho wa kufupi ndi esiteti anali atagamula kuti mawa m'mamawa akauza dokotala ayambirenso. Mtima unapepukako. Anakonza ndi mawu omwe okanena, aulemu koma osadzitsitsa kwambiri.

Kutacha anapempha chilolezo kwa kapitawo, ndipo seveni koloko inamupeza akutsamiritsa njinga pachipatala. Linali Lolemba. Mzere wa odwala unali utachoka pakhonde la Hilario, kuzungulira thanki la madzi, mpaka kukafika pa geti. Akudutsa, bambo wina wa bandeji kumwendo anamuloza.

"Si awa anakhalitsa chete dokotala tsiku lija? Bambo, munatiyankhulira tonse. Anthuwa amatitola."

Ena anatembenuka kumuyang'ana mwaulemu. Gladson anamwetulira mokakamiza n'kupitirira. Anapita pa windo. Ezeliya anali atakhala pa bedi, msana utatsamira khoma, mutu ukulendewera n'kudzidzimuka. Masiku atatu anali asanagone tulo toposa kuphethira.

"Lero waiwala kale kanayi," anatero. "Bambo, maso anga akuona zinthu ziwiriziwiri."

Mawu anali pa lilime. Sofia anali pomwepo, pa bedi lachitatu, akuthira mkaka m'kapaipi ka khanda lina. Kukanangofunika kuti anene kuti anamwino, ndasintha maganizo, ndipo mayi uja, ngakhale anali wolongolola, akanathamanga yekha kukauza dokotala. Koma Sofia anatembenuka n'kumuona.

"Mwadzuka bwanji, adokotala a fodya? Mwabwera kudzayendera odwala anu?"

Amayi awiri anaseka chapansipansi. Gladson anameza mawu aja. Anadziuza kuti nkhaniyi inayamba pakati pa amuna, ithenso pakati pa amuna. Anadziuza kuti sangakalowerere mzere ngati tsiku lija n'kukagwada pamaso pa anthu omwe akumutamawa. Adikira mzere uthe, alowe yekha, atseke chitseko. Madontho amapereka m'mawa ndi madzulo, a m'mawa adutsa kale, ndiye kufulumira n'kwa chiyani? Munthu akafuna kubisa manyazi, zifukwa zimabwera zokha.

"Limba mtima pang'ono," anauza mkazi wake. "Ndikubwera."

Anakakhala pansi pa mtengo wa mango uja. Eyiti koloko inadutsa. Naini. Mzere unkayenda ngati nkhono, ndipo ukafupika kutsogolo, kumbuyo kunkafika ena otsika m'minibasi. Kawiri Hilario anatuluka kupita ku chipinda cha mankhwala, ndipo kawiri konse Gladson anadzuka theka, n'kuona maso a anthu, n'kukhalanso pansi ngati ankangokonza buluku. Ndionetsetse anathetsa nkhosa. Dzuwa linakwera, malata a chipatala anayamba kulira ndi kutentha, mthunzi wa mango unafupika mpaka kufika pa mapazi ake. Anasuntha kuutsata. Anakhala pamenepo maola asanu, bambo wamkulu, ali ndi mawu opulumutsa mwana wake m'kamwa, akuopa bambo wa bandeji amene sankamudziwa ndi dzina lomwe.

Itangodutsa thwelofu, pamzere panatsala anthu atatu. Gladson anadzuka, anasansa fumbi pa buluku, n'kuyamba kuyenda. Pomwepo anamva mawu a Sofia, osati akuthwa aja, ena amene anali asanawamvepo.

"Adokotala! Adokotala, thamangani!"

Hilario anatuluka liwiro, anamudutsa pafupi kwambiri moti mphepo ya chovala chake choyera inamukhudza. M'chipinda muja munali makanda khumi ndi limodzi. Koma Gladson anadziwa.

Zimene zinachitika anazimva pambuyo pake. Ezeliya anakama mkaka, anamwetsa mwana, n'kutsamiranso khoma. Mayi wa pa bedi loyandikana naye, amene ankamugwedeza akayamba kusinza, anali atapita kukachapa matewera. Sofia anali ndi khanda lina limene linazula kapaipi. M'chipindamo munkatentha. Palibe akudziwa kuti Ezeliya anagona nthawi yaitali bwanji, mwina mphindi khumi, mwina zosakwana. Atadzidzimuka anagirigisha kuphazi monga mwa masiku onse. Hilario ndi Sofia anapopa mpweya ndi kachikwama kamphira kwa theka la ola, koma mwana sanakumbukirenso.

Hilario anatuluka thukuta lili kamukamu, n'kupeza Gladson atakhala pa sitepe. Anakhala naye pomwepo.

"Adokotala," anatero Gladson, "akanakhala kuti akumwabe, akanakhala moyo?"

Mwina ankafuna kuti amutukwane. Mwina ankafuna kuti amuuze kuti ayi, zinalembedwa kale. Hilario sanamupatse chilichonse mwa ziwirizi.

"Sindikudziwa, bambo. Ena amamwa n'kupitabe. Ambiri amathandizika. Za mwana wanuyu sindingadziwe, ndipo palibe adzadziwe."

"Ndinabwera kudzakuuzani kuti muyambirenso."

Hilario anatembenuka. "Munafika nthawi yanji?"

"Seveni koloko."

Hilario anayang'ana wotchi ya pa mkono wake, kenaka anayang'ana kumbali. Anadzuka n'kubwerera kwa anthu atatu aja amene ankamudikirabe.

Khanda lomwalira lisanatuluke m'chikuta silikhala ndi maliro enieni. Salira mokweza, sakhoma bokosi, saimba nyimbo, ndipo amuna sapitako. M'mawa mwake amayi anayi achikulire a pa esiteti anabwera kunyumba kwa Gladson, anakulunga mwanayo m'kansalu, n'kutsika naye kunsi kwa dambo atanyamula khasu limodzi. Analibe ndi dzina lomwe. Gladson anawaona akuzimiririka kuseri kwa zigafa. Amuna anzake anadzamupepesa mwachidule, chifukwa nazale sidikira, ndipo aliyense ankanena zofanana, kuti chipatala chija chinali chitamuwononga kale mwanayo ndi mankhwala a akuluakulu, mwachita chamuna kuwaletsa. Iye ankangoti zikomo. Chisoni chimene anali nacho chinali chosakanikirana ndi manyazi, moti sankatha n'kulira komwe.

Onse atapita, anatsala pakhonde yekha. Dzuwa linali litakwera. Anamva chitseko chikukwekwereza, ndipo Ezeliya anatuluka akugwira khoma. Chiyambire dzulo anali asanayankhule ndi munthu. Bulauzi yake inali itanyowa pachifuwa ndi mkaka wopanda woyamwa. Anayenda mpaka pamene panali mwamuna wake, n'kugwada pa dothi.

"Bambo," anatero, "ndili ndi mawu."

"Ukapume, Ezeliya."

"Ayi, ndinene. Inu mbali yanu munachita. Munawerenga, munaona choopsa, munalimbana ndi madokotala pamaso pa anthu chifukwa cha mwana wathu. Ine ntchito yanga inali imodzi yokha. Anandiuza kuti musagone. Mwana woyamba kumugwira wamoyo, mwana amene munamudikira zaka zonsezi, ine n'kugona ngati chitsiru." Anaweramitsa mutu n'kupitiriza. "Ndamupha ndine. Mukafuna kundibweza kwathu, sindikana. Koma ndikhululukireni, bambo."

Gladson anamuyang'ana pa mutu, pa duku lomangidwa mokhota. Zonse zinali m'kamwa mwake, zokonzeka kutuluka: samu ya pa mlatho, seveni koloko, mtengo wa mango, maola asanu. Anadziwa kuti akanena, katunduyo achoka pamutu pa mkaziyu n'kubwera pamene ayenera kukhala. Anadziwanso kuti akanena, Ezeliya adzadzuka pamenepo n'kumuona mmene alili, ndipo sadzamuyang'ananso ngati kale mpaka imfa. Pa dziko lonse anali atatsala ndi munthu mmodzi yekhayu. Anachita mantha, mantha oposa a pa windo aja.

Anatsegula pakamwa. Ezeliya anadikira, mutu uli pansi.

"Dzuka, Ezeliya," anatero Gladson. "Ndakukhululukira."

Ezeliya anawomba m'manja mwaulemu, kawiri, n'kunena kuti zikomo bambo.